Mchira wa buluzi: sabata imodzi ku Naples ndi ku Ischia

Lolemba

Ndafika ku Naples, mzinda wa ku Italy, masana, miyendo itatupa ndi kukhala. Amene wandichingamira ndi mwana amene ndinamuphunzitsa sayansi ya zamoyo kalekale. Ndikuti mwana chifukwa cha chizolowezi chabe, pano ndi mayi wamkulu ndithu ndipo akuchita kafukufuku pa tinyama ta m'nyanja. Atandiona anakuwa kuti "Aphunzitsi!" mpaka anthu anacheuka. Ine ndinayamba ndi "muli bwanji", iye nkukana. Akuti ndizimutchulabe iwe monga kale.

Ulendo uno unayamba ndi funso lake. Tsiku lina m'kalasi anaimika mkono nkufunsa kuti, buluzi akaduka mchira umamera wina, nanga bwanji munthu akaduka chala sichimera? Ndinamuyankha kuti ndi mmene zilili basi. Limenelo ndi yankho la mphunzitsi amene akudikira belu. Iye sanaiwale, ndipo mu uthenga wondiitana analemba kuti ndibwere tidzamalize phunziro lija.

Madzulo tikuyenda m'mbali mwa nyanja tinaona abuluzi obiriwira akuwothera dzuwa pa khoma. Kuno ali ponseponse, dzina lawo la sayansi ndi Podarcis siculus. Mmodzi anali ndi mchira wamtundu wosiyana ndi thupi lake, wotuwa, wopanda mawanga. Umenewo ndi wachiwiri. Mafupa a mchira woyamba amakhala ndi mizere yofooka pomwe amathyokera buluzi akagwidwa, koma womeranso ulibe mafupa oterowo. Mkati mwake muli kandodo kamodzi ka chicherewecherewe, kobowoka ngati bango. Choncho ngakhale buluzi amene ndinkamusirira zaka zonsezi sabwezeredwa chenicheni chimene anataya.

Lachiwiri

Lero tinali ku Stazione Zoologica Anton Dohrn, nyumba yoyera imene ili m'paki ya Villa Comunale, pafupi kwambiri ndi madzi. Anaiyambitsa mu 1872 ndi Anton Dohrn, katswiri wa zinyama wa ku Germany amene ankalemberana makalata ndi Charles Darwin. Malo oonetsera zamoyo za m'madzi amene ali pansi pa nyumbayi anatsegulidwa mu 1874 ndipo anthu akulowabe mpaka lero.

Nzeru ya Dohrn inandisangalatsa. Ankachititsa lendi matebulo. Boma kapena yunivesite inkalipira tebulo la chaka, nkutumiza munthu wake, ndipo munthuyo akafika ankapeza maikulosikopu, madzi a m'nyanja ndi asodzi omubweretsera nyama iliyonse imene waitanitsa m'mawa. Zoti afufuze chiyani zinali zake. Ndi mmene anthu a mayiko osiyanasiyana anadzakhalira m'chipinda chimodzi, aliyense ataweramira mbale yake.

Mkati ndi mwamdima ndi mozizira. Matanki si aakulu ngati a m'mizinda ina, ndipo zambiri zimene zilimo ndi za m'nyanja yomweyi ya kutsogolo kwa nyumbayi. Ndinaima nthawi yaitali pa octopus, nyama yofewa ya mikono isanu ndi itatu. Poyamba ndinkaona mwala basi, kenako mwalawo unatsegula diso. Nyama imeneyi ili ndi mitima itatu, magazi ake ndi abuluu chifukwa mpweya umanyamulidwa ndi kopa osati ayironi ngati mwa ife, ndipo mwa maselo ake a mitsempha pafupifupi 500 miliyoni, ochuluka ali m'mikono osati m'mutu. Ndiye mkono ukaduka sikuti yangotaya nyama, yataya kachigawo ka nzeru zake. Koma umamera, ndi tizikho take tomatira, mitsempha yake, ngakhale timaselo tosintha mtundu wa khungu. J. Z. Young wa ku England anakhala nyengo zambiri kuno akuphunzira mmene octopus amaphunzirira ndi kukumbukira. Kuyambira pa lamulo la European Union la 2010, nyama za mtundu uwu zimatetezedwa pa kafukufuku mofanana ndi nyama za msana, ndipo nditayang'anizana nayo maso ndi maso sindinafunenso wondifotokozera chifukwa chake.

Mu thanki ina munali starfish, nyama yooneka ngati nyenyezi, ya mikono yosalingana, itatu yaitali, ina ing'onoing'ono ngati zala za khanda. Ndinafunsa ngati inalumidwa. Mwana uja anati mwina, koma mtundu wa Coscinasterias tenuispina umadzing'amba wokha pakati, theka lililonse nkumeretsa zosowazo, zikhale nyama ziwiri. Pansi pake panagona sea cucumber, chinthu chonga nkhaka yofota chimene simungachiyang'ane kawiri. Chikaopsezedwa chimatulutsa matumbo ake kunja nkuwasiya, ndipo pakapita masabata chimakhala ndi ena atsopano. Ndinaseka ndekha. Munthu akachita mantha timati m'mimba mwatentha, koma ichi chimachita kutaya m'mimba monse.

Lachitatu

Tsiku la lero ndi limene ndinabwerera. Anandilowetsa m'chipinda chimene amagwirira ntchito, nkundiveka chovala choyera chondithina m'mapewa.

Tinayamba ndi sea urchin, kanyama kozungulira kodzaza minga. Anthu a kuno amakatcha riccio di mare, kutanthauza kanungu wa m'nyanja, ndipo dzinali ndalikonda. Mazira ake amaonekera mkati ngati galasi, ndiponso amakumana ndi umuna m'madzi momwemo, kunja kwa thupi la mayi. Nchifukwa chake zambiri zimene timaphunzitsa za chiyambi cha moyo zinaonedwa koyamba pa kanyama aka. Anadonthezera umuna m'mbale ya mazira nkundiuza kuti ndiyang'ane. Posakhalitsa dzira lililonse linatukula kachikopa kozungulira, kotchinga kuti umuna wina usalowenso. Patapita ola ndi chinachake, dzira lina linaphwanyika chiuno nkukhala maselo awiri. Zaka zonse zija ndakhala ndikujambula zimenezi ndi choko, koma ndinali ndisanazionepo zikuchitika. Ndinakhala chete mpaka anandifunsa ngati ndili bwino.

Pa maselo awiri amenewo panabuka mkangano waukulu. Mu 1888 Wilhelm Roux anatenga dzira la chule lili pa maselo awiri, nkubaya limodzi ndi singano yamoto. Lotsalalo linakula kukhala theka la mluza. Iye anaganiza kuti selo lililonse limalandira gawo lake la thupi pachiyambi pomwe, ngati ana ogawana munda. Patangopita zaka zitatu, Hans Driesch, amene anagwira ntchito ku Naples kuno zaka zambiri, anatenga mazira a kanungu wa m'nyanja nkuwakhutchumula m'kabotolo mpaka maselo awiriwo analekana. Ankayembekeza matheka awiri. Anapeza tiana tiwiri tathunthu, tochepa msinkhu koma tosasowa kanthu. Pambuyo pake zinadziwika kuti cha chule chija chinasokonezeka chifukwa selo lakufalo linali likadamatirira pa linzake. Selo limamva amene ali pambali pake, ndipo likapezeka lokha limayamba kumanga thupi lonse. Amapasa ofanana nkhope amayamba m'njira yonga imeneyi. Driesch zinamuzunguza mutu moti anadzasiya mbale ndi maikulosikopu nkukhala wafilosofi, akuphunzitsa kuti m'zamoyo muli mphamvu ina yosaoneka yotsogolera kukula. Pamenepo ndiye anasochera, koma nditaona ndi maso anga sindimuseka.

Masana anatulutsa kabokosi ka planaria, tinyongolotsi taphanthiphanthi ta m'madzi opanda mchere, totalika osakwana sentimita, tokhala ndi timaso tiwiri tooneka ngati tikuyang'anizana. Anandipatsa kampeni.

"Dulani, aphunzitsi. Zidutswa zitatu."

"Kadzafa iwe."

"Dulani muone."

Dzanja linanjenjemera ndipo ndinadula mokhota, koma zidutswa zitatu zinatuluka: mutu, pakati, mchira. Mutuwo unangopitiriza ulendo wake ngati palibe chachitika. Iye analemba pa mbaleyo ndi cholembera chakuda nkuiika mumdima.

Thomas Hunt Morgan, amene ambiri timamudziwa chifukwa cha kafukufuku wake wa chibadwa pa ntchentche ndi mphoto ya Nobel ya 1933, asanafike ku ntchentchezo anatha zaka akudula tinyongolotsi totere, ndipo nayenso anakhalapo pa tebulo kuno. Anapeza kuti kachidutswa kochepa ngati gawo limodzi mwa magawo 279 a thupi kankatha kubwerera kukhala nyongolotsi yathunthu. Chinsinsi chake ndi maselo otchedwa neoblast, omwazikana thupi lonse, amene sanasankhe ntchito ndipo angathe kukhala chilichonse. Mu 2011 akatswiri anaonetsa kuti selo limodzi lotere, ataliika mu planaria imene maselo ake onse ogawikana anaphedwa ndi cheza, linaipulumutsa. Koma funso londivutitsa linali lina: kachidutswa kapakati kamadziwa bwanji mbali yomeretsa mutu ndi yomeretsa mchira? Akuti pali uthenga wa m'maselo wotchedwa Wnt, wochuluka kumchira nkumachepa polowera kumutu. Mu 2008 atatseka jini ya beta-catenin, imene imanyamula uthengawo, zidutswa zinamera mitu mbali zonse ziwiri. Ndipo uthenga womwewo ndi umene umathandiza miluza ya nyama zambiri kusiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Apa ndinamvetsa chifukwa chake anayamba kundionetsa dzira asanandipatse mpeni. Kumeranso ndi kukula kuja kwa m'dzira, kochitika kachiwiri m'thupi lokhwima.

Lachinayi

Mvula tsiku lonse. Tinabisala mu Museo Darwin-Dohrn, m'paki momwemuja, kenako tinakhala pansi nkumakambirana.

Dzina la Dohrn lili pa kanyama kena kotchuka, Turritopsis dohrnii, jellyfish, kanyama kofewa koyandama m'nyanja, yochepa ngati njere, yosakwana theka la sentimita. Ikavulala, ikasowa chakudya kapena ikakalamba, imatha kufota nkumatirira pansi, maselo ake nkusintha ntchito, nkubwerera pa msinkhu wa ubwana wokhala ngati kamtengo kophuka. Akatswiri a ku Italy ndi ku Switzerland anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane mu 1996. Manyuzipepala amaitcha yosafa, koma mawuwo ndi okokomeza. Nsomba ikaimeza, yatha.

Ndinamukumbutsa za chala chija. Anati bala lili ndi njira ziwiri. Mwa ife, maselo amathamangira kutseka ndi ulusi wolimba wa collagen, nkutsala chipsera. Mwa axolotl ya ku Mexico, kanyama ka m'madzi kachibale ndi chule, khungu lopyapyala limaphimba bala mofulumira, maselo a pansi pake amabwerera m'mbuyo pang'ono nkuunjikana kukhala kachotupa kotchedwa blastema, ndipo m'menemo mumatuluka mwendo wonse. Mukadula mtsempha wa mauthenga wopita pamalopo, mwendo sumera. Ifenso sitili manja lende: chiwindi chimabwezeretsa kukula kwake ngakhale atachotsa magawo awiri mwa atatu, ndipo mwana wamng'ono akaduka nsonga ya chala, muzu wa chikhadabo utatsala, nsongayo imatha kumera. Kansomba ka zebrafish kamakonza mtima wake atadulako gawo limodzi mwa asanu la chipinda chopopa magazi, zimene zinalengezedwa mu 2002. Mbewa yongobadwa imathanso, koma ikakwana sabata mphamvuyo yapita.

Lachisanu

Tinakwera boti pa Molo Beverello, ndipo patatha pafupifupi ola tinali pa chilumba cha Ischia. Phiri la Vesuvius linatsalira kumbuyo, mutu wake uli m'mitambo. Dera lonseli pansi pake pali moto, ndipo ndi motowo umene watibweretsa.

Kum'mawa kwa chilumbachi kuli Castello Aragonese, linga lomangidwa pa chimwala chachikulu m'nyanja, lolumikizidwa ku mtunda ndi mlatho wamiyala umene Alfonso wa ku Aragon anamangitsa mu 1441. Alendo anzathu onse maso anali m'mwamba pa lingalo. Ife tinabwerera za pansi. M'mbali mwa chimwalacho, m'madzi osaya, pansi pa nyanja pamatuluka thovu mizeremizere, usana ndi usiku. Mpweya wake pafupifupi wonse ndi carbon dioxide, ndipo sutenthetsa madzi. Ukasungunuka umasandutsa madziwo kukhala a asidi pang'ono, monga zikuchitikira nyanja zonse za dziko pang'onopang'ono, popeza zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa anayi la mpweya wotere umene anthu timatulutsa. Kusiyana kwake nkwakuti pano zimene zikuyembekezeka kumapeto kwa zaka 100 zino zilipo kale, mukhoza kusambiramo.

Kusambira ine ndi kwa mwala. Anandiveka chovala choyandamitsa ndi galasi la kumaso, ndinagwira chingwe cha bwato ngati moyo wanga, nkumiza nkhope. Madzi amchere analowa m'mphuno kawiri ndisanazolowere.

Kutali ndi thovu, kumene pH, muyeso umene umatsika asidi akamachuluka, ili cha pa 8.1, miyala inali yodzaza: akanungu a m'nyanja m'mapanga, nkhono, ndere zolimba zapinki zokuta miyala ngati penti. Tikuyandikira thovu, zapinki zija zinayamba kuchepa, akanungu nkusowa. Pakati penipeni panali pobiriwira kwambiri, udzu wa Posidonia oceanica ukuweyuka, masamba ake osalala opanda timiyala toyera timene timamera pa iwo kwina konse. Munthu wosadziwa anganene kuti apa ndiye pachonde. Kumeneko ndiye kunyenga kwake. Zomera zikusangalala ndi mpweyawo, koma chilichonse chomanga chigoba ndi laimu chikuvutika. Kafukufuku amene Jason Hall-Spencer ndi anzake anasindikiza mu 2008 anapeza kuti pamene pH imakhala cha pa 7.8, mitundu ya zamoyo inali yochepa ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse. Manambalawa amaoneka oyandikana, koma sikelo ya pH ndi yachinyengo. Kutsika ndi 0.1, kumene nyanja zatsika kale chiyambireni mafakitale, ndiye kuti asidi wawonjezeka ndi gawo loposa limodzi mwa anayi.

Mwana uja anamira nkutuluka ndi kankhono m'dzanja. Chigoba chake chinali chodyeka, pamwamba pake poyera ngati chapalidwa ndi tupa, koma mwini wake ali moyo mkatimo. Kankhono kamatha kukonza chigoba chikasweka. Koma aka kakumanga mkati, kunja madzi akusungunula, tsiku ndi tsiku, ndipo mphamvu yopita kumeneko ndi imene ikanapita ku kukula ndi kuikira mazira. Anakabwezera pamwala pomwe anakatenga.

Pobwerera anandiuza za nyongolotsi ziwiri zapachibale zofanana moti maso sangazisiyanitse. Platynereis dumerilii imamwaza mazira ake m'madzi, tiana nkumayandama tokha. Platynereis massiliensis imalera mazira m'kachubu kake mpaka ana atakulako. Kunja kwa thovu yochuluka ndi yoyambayo, koma m'kati mwa thovu mwadzaza yolerayo. Madzi oipa amayamba kugwira dzira ndi mluza, pamene nyama ilibe pobisala. Ndinakumbukira tiana ta kanungu ta Lachitatu, timene pofika tsiku lachiwiri timayamba kumanga timafupa ta laimu toonda kuposa tsitsi.

Loweruka

Tagona pa chilumba. Mapewa apsa ndi dzuwa, ndiye nkhani ya lero yakhala ya kutentha.

Mu 1962 Ferruccio Ritossa, wa ku Italy konkuno, anaona kuti makromozomu, tiulusi tonyamula chibadwa, a m'tiziwalo topanga malovu ta mphutsi za ntchentche atupa malo achilendo, pambuyo poti wina wakweza kutentha kwa kabati yosungiramo mphutsizo. Pamenepo ndi pamene panayambira kudziwika kwa mapuloteni otchedwa heat shock, monga HSP70. Puloteni iliyonse imagwira ntchito ikapindika mwa njira yake, kutentha kumaipindula, ndipo awa amaigwira nkuithandiza kubwerera m'malo. Ali mwa ntchentche, mwa nkhono, mwa ine ndi inu. Koma kuwapanga kumadya mphamvu, ndipo ali ndi polekezera.

Polekezerapo panaoneka m'chilimwe cha 2003, pamene madzi a Mediterranean anatentha kwa masabata ambiri. Paramuricea clavata, nyama yooneka ngati kamtengo kofiira komera pa miyala yakuya, inafa yochuluka m'magombe a France, Spain ndi Italy, kuphatikizapo kuno. Nyama imeneyi imadziwa kumeranso. Nthambi ikasupuka pang'ono, mnofu umakwawa nkuiphimba. Koma ikasupuka kwambiri, ndere ndi tinyama tina timafika msanga pa nthambi yamaliseche nkukhazikika, mwini wake asanabwerere. Ndipo imakula masentimita ochepa pa chaka, choncho kutentha kukabweranso zaka zingapo zisanathe, imapezeka isanachire.

Ngakhale akamba a m'nyanja a Caretta caretta, amene ovulala amasamalidwa ku Portici kufupi ndi Naples, nkhani yawo ndi ya madigiri. Mchenga wa pachisa ukapitirira madigiri 29, ana ambiri amatuluka aakazi. Ukatsika, aamuna. Ndinabwera kuno ndi mutu wodzaza zozizwitsa za nyama zomera ziwalo, ngati kuti zili ndi mankhwala amene ife tinamanidwa. Sindinaganizepo kuti zonsezo zimachitika m'madzi, ndipo madziwo akasintha pang'ono, mankhwalawo amasuluka.

Lamulungu

Tabwerera ku Naples. Nyanja inawinduka, ndipo za m'botimo sindilemba. Ndagona masana onse.

Lolemba

Ndege ndi yamadzulo, ndiye m'mawa anati tidutse kaye kuntchito kwake. Anatulutsa mbale ija mumdima. Pachivundikiro analembapo kuti "Aphunzitsi", ndi tsiku.

Zidutswa zonse zitatu zili moyo. Cha mutu chamera kansonga koyera kumbuyo. Chapakati chili ndi toyera mbali zonse ziwiri. Cha mchira, chimene ndinachidula mokhota chija, kutsogolo kwake kwatuluka kamutu kotuwa kopendekeka pang'ono, ndipo nditakweza maikulosikopu ndinaona timadontho tiwiri takuda, tating'ono kwambiri. Akuti kupendekekako kudzawongoka kokha, ndipo popeza kalibe podyera, kakudzichepetsa thupi kuti kagwirizane ndi mutu watsopanowo.

"Ndiye funso langa lija, aphunzitsi?"

Ndinamuuza kuti andipatse sabata ziwiri ndikalembe bwinobwino, ndipo adzachonge yekha. Anaseka, nati adzanditumizira chithunzi cha mbaleyi tsiku lomwelo. Kenako anasendeza nyali kufupi, kachidutswa ka mchira kaja nkutembenuza kamutu kake katsopano, ulendo wa kumbali yamdima ya mbale.